Wotsuka Mabotolo

Ndimafika nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi,
makiyi a labu ali m'thumba la epuloni,
mlonda akadawodzera pageti, wailesi yake ikutsokomola.
Ntchito yanga ndi mabotolo.
Sopo, burashi, madzi otentha,
kenako mumphika wachitsulo uja wopuma ngati ng'ombe yokwiya.
Zaka khumi ndi ziwiri pakoleji pano,
palibe anafunsapo kuti botolo loyera limachokera kuti.

Ndiye kunabwera mtsikana wa chaka chachinayi,
Elube Khoromana, wa ku Thekerani, kwathu komwe,
wowonda ngati mpini, nsapato imodzi yosokedwa ndi waya.
Akuti, "Mayi Mwalapwa, ndikufuna kudzala nthochi m'botolo."
Ndinaseka mpaka burashi inagwera m'sinki.
Nthochi m'botolo!
Koma kuseka kuja kunathera pakhosi.
Ndinakumbukira munda wa bambo anga,
mmene chisaka chinaufinyira masamba,
nthochi zomwe zinkatilipirira fizi
zitaima ngati matsache otha,
malole a ku Limbe osabweranso.

Anayamba ndi mabotolo makumi anayi.
Onse anachita nguwi.
Anakalirira kuseri kwa firiji kuti anzake asamuone.
A Dokotala Mulipa anavula magalasi, napukuta, navalanso:
"Yambiranso. Kuwola nakonso ndi yankho."
Ine za choncho sindinaphunzire, ndinalekera Sitandade 7,
koma ndinkaona kuti amatseka zivindikiro manja ali onyowa,
akuthamangira kalasi ya eyiti koloko.
Ndinamuuza ngati ndikukamba za nyengo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Anakapukuta manja.

Mwezi wa mayeso magetsi anazima masiku atatu.
Kuhositelo ankawerengera matochi a mafoni,
akantini akugulitsa mandasi a dzana.
Anyamata a zaumisiri anabwera ndi batire la galimoto,
mawaya kukhosi, akukangana za mpira,
nayatsa kanyali pamwamba pa mabotolo.
Elube anagona pabenchi, atafunda chitenje changa.
Lachinayi m'mawa,
kamphukira.
Kobiriwira, kochepa kuposa chikhadabo cha khanda,
m'botolo nambala 117,
lomwe ndinalitsuka kawiri chifukwa mtima sunakhutire.

Tsopano dzina lake lili pabolodi,
pakati pa uthenga wa kwaya ndi wa wina amene anataya kalikyuleta.
Wapata mphoto. A Dokotala nawo akwezedwa.
Tsiku la magauni holo inadzaza,
nthungululu kuphimba zolankhula za akuluakulu,
amalume ake akujambula ndi foni yozondoka.
Ine ndinali pakhomo ndi mopu,
poti mvula ya Thyolo siidziwa za mwambo
ndipo matope ofiira amalowa opanda kalata.

Madzulo, anthu atabalalika, anandipeza pasinki
gauni akadavala, chipewa chili m'khwapa.
Anatsegula buku lake lakuda, tsamba lachiwiri:
"Werengani apa."
Pansi pa Mulungu, pansi pa a Dokotala, pansi pa mayi ake,
ndinaona ine.
Otayipa analakwitsa, analemba Mwalampwa.
Anafuna kukonza ndi cholembera, ndinamugwira dzanja.
Lisiye, mwanawe. Ndalizindikira.

Anandipatsanso mbande m'kapepala kakuda,
masamba atatu, lachinayi likadali lopindika.
Loweruka ndinakwera nayo minibasi, nditaifukata pamiyendo.
Kondakitala akuti, "Katunduyo alipira, mayi."
Ndinati, "Uyu si katundu. Uyu wachokera kukoleji."
Basi yonse kuseka.
Sindinalipire.

Bambo anga maso anachita khungu.
Anaipapasa tsamba ndi tsamba,
nafunsa ngati ibereke iwo akadalipo.
Sindinayankhe. Ndinakumba dzenje.

Lolemba mabotolo anali pomwepo, akundidikira,
ndi kamnyamata ka chaka chachitatu kataima pambali pa sinki,
kakuti kakufuna kulima bowa pa zinyalala za tiyi.
Ndinayang'ana manja ake.
Onyowa.